Chenji amabweza bwinobwino, koma buku likumukanika

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina wa ku Chinamwali. Mwana wawo wamwamuna ali ndi zaka 9, akubwereza Sitandade 3, ndipo mpaka pano satha kuwerenga chiganizo. Akakhala pa benchi ya tomato amabweza chenji osaphonya, koma akatsegula buku amangoti kakasi. Bambo ake akuti ndi ulesi, agogo ake akuti alipo anamuchita chipongwe. Mayiwa akufunsa kuti atani.

Mayi, choyamba pemphani bambo aike chikwapu pansi. Mwana amene amasunga m'mutu ndalama za makasitomala atatu si waulesi, komanso si mbuli. Mukamamukwapula, chimene akuphunzira n'kuopa buku basi.

Musanaganize zakutali, mupite naye akamuyeze maso ndi makutu, kaya pachipatala chaching'ono chakwanuko kaya ku Zomba Central. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi athu ndi odzaza, ndipo mwana wosaona bwino pabolodi akhoza kutha zaka ali kumbuyo aphunzitsi osadziwa. Khutu lotuluka mafinya nalo limabera mwana mawu. Ngati anadwalapo malungo aakulu mpaka kukomoka, muwauze adokotala, poti nthenda imeneyi nthawi zina imasiya vuto la kaphunziridwe.

Maso ndi makutu zikapezeka zili bwino, mwina ndi vuto limene akatswiri amalitcha dyslexia. Ubongo wa mwana wotere umavutika kulumikiza lembo ndi liwu lake. Kusokoneza b ndi d sikodabwitsa ku Sitandade 1, koma pa zaka 9 nkofunika kukuyang'anitsitsa. Vutoli limayenda m'magazi, moti mukafufuza mwina mupeza malume ake amene anasiya sukulu chifukwa chomwecho.

Mwayi wathu ndi wakuti Chichewa chimalembedwa mmene chimamvekera. Tolani zitsekerero za mabotolo, mulembe phatikizo limodzi pa chilichonse: ma, ta, ko, la. Madzulo nsima ili pamoto, muyale pamphasa, iye azisuntha ndi chala chake n'kumatchula mokweza: ma-la, ta-la, ko-la. Alembenso pamchenga, lembo lalikulu ngati chikhatho, akutchula liwu lake. Mphindi 10 kapena 15 zakwana, koma tsiku lililonse. Akatopa mulekeni. Ndimaumirira za zitsekererozi chifukwa ndinaziona kwa mwana wa mchemwali wanga. Tsiku limene anapanga yekha mawu akuti "amama", anazifumbata m'manja n'kuthamangira nazo kukhitchini, ndipo tonse misozi inalengeza.

Kusukulu musapite mokalipa. Aphunzitsi amene ali ndi ana odzaza kalasi sangamudziwe mwana aliyense pokhapokha kholo litaonekera. Apempheni amukhazike kutsogolo, ndipo asamamuimiritse kuti awerenge anzake akumuseka. Kenaka funsani ahedi, kapena a PEA (alangizi a sukulu za pulayimale) ku TDC (malo amene aphunzitsi amakumanirako pa maphunziro awo) ya zoni yanu, za mphunzitsi wa maphunziro apadera amene ali pafupi. Aphunzitsi oterewa amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu. Alipo ochepa, choncho mungafunike kubwererako kangapo, koma musagwe ulesi.

Agogo musakangane nawo. Apatseni ntchito yomuuza nthano usiku, iye azibwereza m'mawu ake, chifukwa mwana wodziwa mawu ambiri ndi khutu savutika kuwazindikira akadzawapeza papepala. Pakatha teremu imodzi mudzandilemberenso, mundiuze maphatikizo amene wagwira ndi amene akumuzembabe.