Kodi satifiketi ya kudyetsa odwala kudzera m'chubu ndi m'mitsempha ndi yoyenera kuivutikira?

Namwino wina wa ku ICU, wodi ya odwala mwakayakaya, wandilembera imelo. Tsiku lililonse amasamalira odwala amene sangathe kudya okha, ndipo akufunsa ngati kulemba mayeso a satifiketi ya ntchitoyi kuli ndi phindu, poti ntchito akuidziwa kale ndipo sakuona kuti malipiro ake angakwere.

Anamwino, za malipirozo sindikutsutsani. Satifiketi si laisensi. Chilolezo chogwira ntchito muli nacho kale, ndipo kuwonjezera ndalama kapena ayi zili kwa amene anakulembani ntchito. Koma pa mawu oti ntchito mukuidziwa kale, pamenepo tikambirane.

Satifiketi yodziwika kwambiri ndi CNSC ya ku America, yoperekedwa ndi bungwe la NBNSC lomwe ASPEN, bungwe la akatswiri a ntchitoyi ku America, inakhazikitsa mu 1984. Imatha pakapita zaka 5, ndipo kuti muitengenso mumalembanso mayeso. Chomwe chimandikopa n'chakuti mayesowo ndi amodzi kwa onse: dokotala, namwino, katswiri wa zakudya ndi wa ku famase amayankha mafunso omwewo. Ndiye namwino sangapambane ndi luso la pa bedi lokha.

Inu mumadziwa pampu, mumadziwa kuyeza madzi ochokera m'chubu cha m'mphuno kuti mutsimikize kuti chafika m'mimba osati m'mapapo. Nanga zimene zili m'thumba la TPN (chakudya chamadzi cholowera m'mitsempha) lomwe mumapachika lija? Calcium ndi phosphate zikachuluka kapena zikasakanizidwa molakwika zimaundana n'kupanga timibulu tomwe timakatseka mitsempha ya m'mapapo. Mu 1994 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linatulutsa chenjezo anthu awiri atamwalira ndi vuto lomweli. Kusakanizako ndi ntchito ya a ku famase, inde, koma maso omaliza kuona thumbalo ndi anu.

Palinso refeeding syndrome, yomwe imapha mwa njira yonyenga chifukwa aliyense amakhala akufuna kuthandiza. Wodwala wakhala masiku ambiri osadya, waonda, ndipo mtima wachifundo umati timupatse chakudya chokwanira msanga. Shuga akangolowa, insulin imakwera n'kukankhira phosphate, potassium ndi magnesium m'maselo. M'magazi zimatsika mwadzidzidzi, mtima umayamba kugunda mosokonekera, kupuma kumavuta, nthawi zambiri m'masiku ochepa oyambirira. Wophunzira bwino amayamba ndi chakudya chochepa, amapereka thiamine (vitamini B1) asanayambe, amayeza magazi pafupipafupi, kenako amakweza pang'onopang'ono. Mungathe kugwira ntchito zaka zambiri mukutsatira malangizowa osadziwa chifukwa chake, ndipo tsiku limene wina walemba mlingo wolakwika simungazindikire.

Apa ndi pamene ndimaona phindu lenileni. Kukonzekera mayeso kumakukakamizani kuwerenga mbali zimene wodi yanu sikuphunzitsani: kudyetsa ana akhanda, odwala impso, amene anadulidwa mbali yaikulu ya matumbo, ndi amene amapitiriza TPN kunyumba. Komanso mukanena pa raundi kuti mlingo uwu wathamanga, mawu anu amamveka mosiyana. Siziyenera kukhala choncho, koma m'zipatala mapepala amalemekezedwa.

Njira si imodzi. A ku famase ali ndi satifiketi yawo, BCNSP, yomwe imatha pakapita zaka 7. Ku Europe, ESPEN, bungwe la akatswiri a ntchitoyi kumeneko, ili ndi maphunziro otchedwa LLL omwe amafikitsa munthu ku dipuloma, ndipo mbali ina mungaphunzire pa intaneti.

Kwa inu amene odwala oterewa mumawaona tsiku ndi tsiku, ndikuti lembani. A NBNSC amalangiza kuti munthu akhale atagwira ntchitoyi zaka ziwiri asanalembe, ndipo musanalipire kalikonse onani kaye ngati amalandira laisensi ya dziko lanu. Mnzanu amene amakumana ndi wodwala wa TPN mwa apo ndi apo ndingamuuze kuti ayambe ndi kosi yaifupi, chifukwa pofika chaka chachisanu zambiri adzakhala ataiwala ndipo mayeso adzamudikiranso.