Mwana woyimba kiyibodi ku tchalitchi akufuna kuphunzira manotsi: kodi timulole?

Mayi ena a ku Lizulu, m'boma la Ntcheu, andilembera za mwana wawo wamwamuna wa Fomu 2 amene amayimba kiyibodi ku tchalitchi mongotsatira khutu, ndipo tsopano akuwaumiriza kuti amupezere munthu womuphunzitsa piyano ndi kuwerenga manotsi, ndiye kuti zizindikiro zolembera nyimbo papepala. Iwo akufunsa ngati pali phindu lililonse poti mwanayo akuyimba kale, komanso ngati zimenezi sizimusokoneza pa sukulu.

Mayi, mwana wanuyo wapempha chinthu chabwino, ndipo ndikanakhala inu ndikanamulola. Khutu lakuthwa ndi mphatso, koma lili ndi polekezera. Ndinakhalapo pa ukwati wina ku Dedza pamene kwaya ya alendo inabwera ndi nyimbo yake yolembedwa papepala n'kuipereka kwa mnyamata wa pakiyibodi, amene aliyense ankamutama. Mnyamatayo analitembenuza pepalalo uku ndi uku, kenaka anaika manja pamiyendo n'kudikira kuti kwayayo iyimbe ndime yoyamba yonse payokha, ndipo pamene ankalowa anali akufufuzabe kiyi ya nyimboyo ndi chala chimodzi. Luso anali nalo ndithu, koma nyimbo imene sanaimvepo inali yotsekeka kwa iye.

Mwayi umene mwana wanu ali nawo ndi woti sakuyambira pansi penipeni. Ngati wakulira mu kwaya, akudziwa kale do, re, mi, fa, so, la, ti, njira imene John Curwen anaifalitsa ku England kuyambira m'ma 1840 ndipo amishoni anafika nayo kuno kwathu. Njira imeneyi imathandiza kwambiri oyimba ndi pakamwa, koma nyimbo za piyano zimalembedwa pa sitafu, ndiye kuti mizere isanu yokhala ndi mipata inayi, ndipo woyimba amawerenga masitafu awiri nthawi imodzi: yapamwamba kawirikawiri ndi ya dzanja lamanja, yapansi ndi ya lamanzere. Pa yapamwamba mizere imatchedwa E, G, B, D, F kuchokera pansi, pamene pa yapansi ndi G, B, D, F, A, ndipo apa ndi pamene ophunzira ambiri amasokonezeka chifukwa notsi yokhala pa mzere wofanana imakhala ndi dzina lina dzanja likasintha. Mphunzitsi wabwino sangamuuze mwanayo kuti aiwale do re mi. Adzamuonetsa kuti do amasamuka: mu kiyi ya C do ali pa C, mu kiyi ya G wasamukira pa G ndipo F amakwezedwa n'kukhala pa kiyi yakuda ya pakiyibodi. Ndimakonda kulangiza kuti mwana atenge nyimbo ya m'buku la ku tchalitchi imene amaiyimba ali mtulo, aiyang'ane pa sitafu, alembe d, r, m pansi pa notsi iliyonse ndi pensulo, ndipo pakatha masabata angapo afufute zilembozo.

Pali zizolowezi ziwiri zimene ayenera kuzisiya pa nthawi yophunzira, ngakhale Lamlungu angapitirize nazo. Choyamba ndi batani la transpose, limene limalola munthu kuyimba nyimbo zonse mu kiyi imodzi makina n'kumamusinthira. Chachiwiri ndi ng'oma ndi besi zodziyimba zokha, zimene zimachititsa dzanja lamanzere ulesi. Azimitse zonsezo, asiye mawu a piyano okha, ndipo aphunzire manambala a zala, chala chachikulu 1 mpaka chaching'ono 5. Pokwera kuchokera pa C kufika pa C wina ndi dzanja lamanja, zala zimayenda 1, 2, 3, kenaka chachikulu chimadutsa pansi n'kukhala 1, 2, 3, 4, 5. Masiku oyamba adzaona ngati wabwerera m'mbuyo, ndipo mungamumve akudandaula kuti kale ankayimba bwino kuposa pano; mumulimbitse mtima, chifukwa aliyense amene anayamba ndi khutu amadutsa pamenepo.

Za chipangizo musade nazo nkhawa msanga. Piyano yathunthu ili ndi makiyi 88, oyera 52 ndi akuda 36, koma kiyibodi ya makiyi 61 ngati za Yamaha ndi Casio zimene zili m'matchalitchi mwathu imamukwanira woyamba kumene. Mukadzafuna kugula, dinani kiyi imodzi mofatsa kenaka mwamphamvu: ngati mawu akumveka chimodzimodzi, isiyeni, pakuti chimene Bartolomeo Cristofori anapangira piyano ku Florence cha m'ma 1700 ndi chakuti chala chenicheni chizilamula kukula ndi kuchepa kwa mawu. Pakadali pano kambiranani ndi akulu a mpingo kuti mwanayo azipatsidwa mphindi 30 pa kiyibodi ya tchalitchi akaweruka ku sukulu. Mphindi zochepa tsiku ndi tsiku zimapindula kuposa kukhalira Loweruka lonse, ndipo m'miyezi ya June ndi July, pamene ku Lizulu kumazizira mpaka zala kuuma, ayambe wawotha manja pa mbaula asanakhudze makiyi.

Pa nkhani ya sukulu ndilankhule mosabisa: mu Malawi muno ndi ochepa amene amadya ndi piyano yokha. Ambiri amaphatikiza kuphunzitsa, kutsogolera kwaya, kujambula nyimbo mu situdiyo, kapena kulowa m'mabandi a asilikali ndi apolisi, kumene kuwerenga manotsi n'kofunika. Maphunziro a zoyimbayimba alipo ku University of Malawi ku Zomba ndi ku MUST ku Thyolo, koma khomo lolowera ndi MSCE ya makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Ku Lilongwe kuli sukulu ya Music Crossroads, ndipo palinso mayeso a zoyimbayimba a ABRSM, bungwe la ku London lokhazikitsidwa mu 1889, oyambira giredi 1 mpaka 8. Choncho pangani naye pangano lomveka, loti maphunziro a piyano apitirira malinga ngati zotsatira za kumapeto kwa teremu sizikutsika.

Posankha mphunzitsi, kaya ndi mkulu wa kwaya, sisitere wa ku parishi kapena mphunzitsi wa ku sekondale, tengani pepala la nyimbo imene iye sakuidziwa, mumupemphe mwaulemu kuti akuyimbireni mizere iwiri yoyambirira ndi manja onse awiri, mwana wanu ali pomwepo akuonerera.