Buku silinalakwitse, yankho ndi 256,000 ndithu

Mayi a ku Bangwe, funso la mwana wanu ndaliona: mabakiteriya alipo 500, amawirikiza kawiri pa mphindi 20 zilizonse, adzakhala angati pakatha maola 3? Iye wapeza 9,000, pomwe kumapeto kwa buku kwalembedwa 256,000, ndiye mukukayika kuti mwina osindikiza anaphonya. Ayi, buku lili bwinobwino. Mwanayo waterereka pomwe ana ambiri a Fomu 4 amaterereka.

Anayamba bwino. Maola 3 ndi mphindi 180, tikagawa ndi 20 tikupeza 9, kutanthauza kuti kuwirikizako kwachitika maulendo 9. Vuto labwera pamene anatenga 500 n'kuchulukitsa ndi 2, kenako ndi 9. Kutero kuli ngati ulendo uliwonse mukungothiramo 1,000 basi. Koma bakiteriya amabereka pogawika pakati, mmodzi kukhala awiri, ndipo awiriwo pakatha mphindi 20 nawonso agawika. Amene anakongolako katapila akuidziwa nkhaniyi: chiwongoladzanja cha mwezi uno mwezi wamawa chimabereka chake.

Muuzeni aike kaye calculator pambali, ayende pazala: 500, 1,000, 2,000, 4,000, 8,000, 16,000, 32,000, 64,000, 128,000, 256,000. 500 woyambayo asamuwerenge ngati ulendo, poti ndiye poyambira. Taonani kuti ulendo wachisanu wokha wapitirira kale 9,000 wake uja, maola 2 asanakwane n'komwe.

Pamayeso sangamalembe mndandanda wotere, ndiye pali njira yachidule: N = N0 × 2^n. N0 ndi chiwerengero choyambira, n ndi maulendo owirikiza, omwe mumawapeza pogawa nthawi yonse ndi nthawi ya kuwirikiza kumodzi. 2^9 ndi 2 wochulukitsidwa ndi 2 mnzake mpaka ma 2 akwane 9, zomwe zikupereka 512, osati 18. Ndiye 500 × 512 = 256,000. Asamale kuti nthawi zonse ziwiri zikhale m'mphindi asanagawe. Ndaonapo ana akugawa 3 ndi 20 n'kumadabwa ndi zotuluka.

Chimene ine ndimakonda kuloweza ndi ichi: 2^10 ndi 1,024. Maulendo 10 aliwonse, chiwerengero chimachulukana pafupifupi ka 1,000. Funso akalitembenuza n'kuti afika liti pa 1 miliyoni, n'zosavuta: ulendo wa 10 ali 512,000, wa 11 ali 1,024,000, ndipo 11 × 20 ndi mphindi 220, maola 3 ndi mphindi 40.

Mphindi 20 zimenezi sanangozipeka. Ndi liwiro la bakiteriya wa m'matumbo wotchedwa E. coli akapeza chakudya chokwanira ndi kutentha kwa thupi la munthu, madigiri 37. Kachilombo ka TB n'kaulesi kwambiri, kamatha maola 15 mpaka 20 kuti kagawike kamodzi, n'chifukwa chake ku labu akamakameretsa kuchokera m'makhololo amadikira masabata. Komanso masamuwa amagwira kwa kanthawi chabe. Papepala, E. coli mmodzi atawirikiza masiku 2 osapuma, onse pamodzi angalemere kuposa dziko lapansi. Sizichitika chifukwa chakudya chimatha, zonyansa zawo zomwe zimawapha, kuchulukana n'kuima.

Kukhitchini kwanu masamuwa amagwira ntchito tsiku lililonse, mayi. Mpunga wotsala usiku, kutentha kwa mu Okutobala kuno ku Blantyre, magetsi n'kuzimanso, firiji ili chete: maola 8 amenewo, pa liwiro la mphindi 20, ndi maulendo 24, ndipo 2^24 ndi woposa 16 miliyoni, kuchokera kwa mmodzi yekha. Mumpunga mumapezeka bakiteriya wina dzina lake Bacillus cereus amene njere zake sizifa pophika, ndipo poizoni wake satha ndi kutenthetsanso. Ife tinakulira mkute, sindikunyoza, koma mpunga wogonera panja nyengo yotentha ine ndinausiya. Firiji sikupha tizilomboti, imangotalikitsa nthawi yowirikiza ija, maulendo owirikiza aja (n) n'kuchepa.

Mwanayo ayese ili madzulo ano: ayambira 200, amawirikiza pa mphindi 30 zilizonse, adzakhala angati pakatha maola 4? Alembe apa ndi njira yake yomwe, ndimuonera.