Funsani dokotala: Kodi chitowe chingalimbitse mafupa a mayi anga?

Adokotala, mayi anga ali ndi zaka 67. Chaka chatha anangoterereka pang'ono kubafa n'kuthyoka mkono pafupi ndi dzanja. Pano msana ukuwapweteka, ayamba kuwerama ndipo akuoneka kuti afupika. Pa gulupu yathu ya WhatsApp ena anati chitowe chimalimbitsa mafupa kuposa mkaka, ndiye ndakhala ndikuwatumizira, akuthira m'phala kwa miyezi 5 tsopano. Ululu ukakula timawagulira diclofenac ndi prednisolone. Kodi ndionjezere chitowecho? Ine mwana wawo, ku Lilongwe.

Achemwali, ndikuona kuti nkhawa yanu si chitowe ayi. Muli kutali, mayi ali kumudzi, mukuopa tsiku lomwe adzakuimbirani foni kuti agwanso ndipo sakudzuka. Nkhawa imeneyo ndi yomveka, chifukwa fupa labwinobwino kawirikawiri silithyoka ndi kungoterereka pang'ono kubafa. Kuthyoka kuja, kufupikako ndi kuweramako zikundiganizitsa za osteoporosis, matenda omwe mafupa amafumbwa mkati ngati nsichi yodyedwa ndi chiswe, kunja ikuoneka bwino koma ukaitsamira imangoti phwa. Amachuluka mwa amayi omwe anasiya kusamba, poti mahomoni omwe ankateteza mafupa amakhala atachepa.

Chitowe ndi chakudya chabwino, alimi aku Chikwawa ndi Nsanje sakulima zachabe. Kashiamu, michere yomwe imamanga ndi kulimbitsa mafupa, alimo ndithu. Koma tiyeni tiwerengere limodzi. Mayi a msinkhu umenewu amafunika mamiligalamu pafupifupi 1,200 a kashiamu patsiku, pomwe supuni yaikulu ya chitowe chosasupula ili ndi cha m'ma 90, ndiye kuti masupuni oposa 13 tsiku lililonse, ndani angathe zimenezo, komanso kashiamu wambiri ali m'khungu la njerezo momwe wamangika ndi zinthu zina zotchedwa oxalate moti thupi limangotolako pang'ono. Choyera chosupula chija ndiye chili ndi wochepa kwambiri. Ndipo ngakhale atadya thumba lonse, ngati kuweramako kwabwera chifukwa fupa la msana laphwanyika kale, silidzukanso ndi phala. Apitirize kudya, koma muonjezere usipa, matemba ndi bonya zodya ndi minga yomwe, chambiko, mkaka ndi masamba ngati mpiru. Aziwothera dzuwa komanso aziyendayenda, asamangokhala pamphasa.

Apa pokha ndikudzudzuleni pang'ono. Miyezi 5 ndi yambiri achemwali. Ndipo prednisolone amene mukugulayo ndi mmodzi mwa mankhwala omwe amafooketsa mafupa kwambiri akamwedwa nthawi yaitali, ndiye dzanja lina mukuthira chitowe lina mukugumula. Diclofenac naye kwa munthu wachikulire amabweretsa zilonda za m'mimba n'kuononga impso. Koma ngati prednisoloneyo amwa kwa masabata angapo motsatizana musawasiyitse mwadzidzidzi, amachepetsedwa pang'onopang'ono ndi adokotala.

Sabata ino yomwe apite kuchipatala chachikulu cha boma lomwe akukhala, akafunse kiliniki ya mafupa, kumakhala ma clinical officer ophunzira za mafupa. Pemphani tchuthi mupite nawo, chifukwa amayi athuwa akafika pamaso pa dokotala amangoti "ndi ukalamba basi." Munyamule mapaketi onse a mankhwala omwe akumwa, ndi buku lawo lakuchipatala. Mukanene za kuthyoka kwa chaka chatha, musaiwale. Akajambulidwe X-ray ya msana ndi kuyezedwa magazi, chifukwa kuno kwathu msana wopweteka n'kumapindika umathanso kukhala TB ya msana kapena khansa, makamaka ngati akuonda, akutuluka thukuta usiku kapena ululu ukuwadzutsa kutulo. Ngati ali pa ma ARV anene, ena mwa iwo amakhudza mafupa, koma asasiye kumwa. Akapezeka ndi osteoporosis mankhwala alipo, monga alendronate, womwa kamodzi pa sabata m'mawa asanadye kanthu, ndi kapu yodzadza ya madzi, osagona kwa mphindi 30.

Ndaona agogo ambiri atathyoka fupa la pachiuno, atagona pabedi masabata ndi masabata mwendo atawukoka ndi cholemera, ena sayendanso. Ndiye mukapita kumudziko konzani kubafa kuja pasamaterere, muwagulire tochi yotulukira usiku, ndowa pamutu asiyire adzukulu. Miyendo ikayamba dzanzi, kufooka, kapena akalephera kusunga mkodzo, musadikire kuti kuche, pezani galimoto nthawi yomweyo.