Bambo akadya nyemba kapena usipa mankhwala awo sagwira, chimachitika n'chiyani?

FUNSO: Zikomo a Dokotala. Bambo anga ali ndi zaka 71 ndipo anawapeza ndi matenda a Parkinson, aja onjenjemeretsa manja. Amamwa mapiritsi a levodopa katatu pa tsiku. A m'mawa amagwira bwino moti amayenda okha mpaka pamsika. Koma a masana, makamaka tikadya nsima ya nyemba, usipa kapena nyama, zimakhala ngati sanamwe kanthu: thupi limauma, mapazi amakakamira pansi. Kodi ndiwasiyitse ndiwo zimenezi? Komanso anzanga a kutchalitchi akuti ndiziwaphikira kalongonda, ati ndi mankhwala omwewo. Ndine mwana wawo wamkazi, ku Chinamwali, Zomba.

YANKHO: Achemwali, ndiwo musawasiyitse ayi. Munthu wodwala Parkinson amaonda msanga, ndipo akasowa zakudya zomanga thupi miyendo imafooka, ayamba kugwa. Koma mwaona bwino, ndipo zimene mwaonazo zili ndi chifukwa chake.

Ubongo sulandira chilichonse chimene chili m'magazi. M'chiwindi, mwachitsanzo, timitsempha ta magazi tili ndi timipata, zinthu zimangotuluka. Mu ubongo maselo opanga timitsemphato ndi omatirirana kwambiri moti pakati pawo sipadutsa kanthu. Paul Ehrlich wa ku Germany anaziona m'zaka za m'ma 1880: atabaya nyama utoto m'magazi, ziwalo zina zinasintha mtundu koma ubongo unatsala momwemo. Kumatirira kwa maseloko kunadzaoneka bwino mu 1967, Thomas Reese ndi Morris Karnovsky atayang'ana ndi maikulosikopu yamphamvu. Zinthu zosungunuka m'mafuta, monga mowa ndi nikotini wa mu fodya, zimaboola maselowo n'kulowa. N'chifukwa chake kachasu sachedwa kufika kumutu.

Ma amino acid sangatero. Amenewa ndi tizidutswa timene timatsala thupi likagaya nyemba, usipa, mazira kapena nyama, ndipo omangira mapuloteni, zija zomanga thupi, alipo mitundu 20. Iwo amasungunuka m'madzi, choncho amafunika chowanyamula. Pa maselo aja pali mapuloteni apadera amene amatenga amino acid kumbali ya magazi n'kukamutula kumbali ya ubongo, gulu lililonse ndi chonyamulira chake. Lysine ndi arginine ali ndi chawo. Chimene chikukhudza bambo anu chimatchedwa LAT1, ndipo chimanyamula ma amino acid akuluakulu monga leucine, isoleucine, valine, phenylalanine, tyrosine ndi tryptophan.

Taganizirani bwato la pa doko la Kachulu lopita ku chilumba cha Chisi. LAT1 ili ngati bwato limeneli: malo ndi ochepa, ndipo imakhala pafupifupi yodzaza kale ngakhale munthu asanadye. Gulu limodzi likachuluka padoko ndilo limadzaza bwato, ena n'kutsala pagombe kudikira ulendo wina.

Pa matenda a Parkinson, maselo a mu ubongo opanga dopamine, mankhwala achilengedwe othandiza thupi kusuntha bwino, amafa pang'onopang'ono. Kuwamwetsa dopamine yemweyo sikungathandize chifukwa sadutsa pa chotchinga chija cha maselo omatirirana. Ndiye madokotala amapereka levodopa, amene naye ndi amino acid wofanana kwambiri ndi tyrosine. Amakwera LAT1, ndipo akafika mkati ubongo umamusandutsa dopamine. George Cotzias ndiye anaonetsa mu 1967 ku America kuti njira imeneyi imadzutsadi odwala amene anali atauma. Mukayang'ana pa paketi muona dzina lachiwiri, kawirikawiri carbidopa. Ameneyu salowa mu ubongo, ntchito yake ndi kuteteza levodopa kuti asasanduke dopamine akadali m'magazi.

Tsopano onani tsiku la bambo anu. M'mawa amamwa piritsi m'mimba mulibe kanthu, kapena ndi tiyi ndi mbatata, levodopa n'kupeza malo. Masana amamwa pamodzi ndi nsima ya usipa. Chakudya chimachedwetsa piritsi m'mimba. Likafika m'matumbo limalimbirana njira ndi ma amino acid a usipa uja, chifukwa nakonso kuli zonyamulira za mtundu wofananawo. Amene wapulumuka n'kulowa m'magazi amakakumananso ndi mpikisano womwewo pa ubongo. Si odwala onse amene zimawachitikira, zimakonda kuoneka kwa amene amwa mankhwalawa kwa zaka zingapo.

Chimene ine ndimalangiza mabanja ndi kusiyanitsa nthawi. Piritsi la masana amwe ndi madzi okwanira mphindi 30 mpaka 60 nsima isanafike, kapena padutse ola limodzi kapena awiri atadya. Likamawachititsa mseru, apatseni nthochi kapena kachidutswa ka chinangwa, osati mkaka kapena mtedza. Ngati izi sizikwanira, mabanja ena amadya nsima ya masamba masana, monga chisoso, nkhwani kapena mpiru wopanda nsinjiro, ndiwo za nyemba ndi nsomba n'kuzisungira madzulo pamene achikulire sakuyendanso. Mulingo wa ndiwozi pa tsiku lonse usachepe, mwangousuntha. Ngati amamwanso mapiritsi owonjezera magazi, aja a ayironi, asamwe nthawi imodzi ndi levodopa chifukwa amamugwira m'matumbo. Kudzimbidwa nakonso kumachedwetsa mankhwalawa, ndipo odwala Parkinson ambiri kumawavuta koma sanena.

Za kalongonda, anzanuwo sananame. Nyemba imeneyi ili ndi levodopa wambiri ndithu. N'chifukwa chake amayi a kuno kummwera amaiwiritsa nthawi yaitali uku akutaya madzi kangapo, podziwa kuti yosapsa bwino imasanzitsa ndi kuzunguza mutu. Vuto ndi lakuti yophikidwa bwino levodopa wambiri amakhala atapita ndi madzi aja, pamene yophikidwa mwachidule palibe angadziwe kuti m'mbalemo muli wochuluka bwanji, ndipo mulibe carbidopa. Kuiwonjezera pamwamba pa mapiritsi kungachititse bambo kugwedezeka thupi mosalamulirika, kuona zinthu zomwe palibe, kapena kuchita chizungulire n'kugwa akaimirira. Ofufuza ena ayesapo ufa wake m'mayiko amene mapiritsi amasowa, koma ndi woyezedwa bwino, dokotala akuyang'anira. Kunyumba musayese.

Kwa sabata imodzi lembani m'kope nthawi imene amwa piritsi, zimene adya, ndi nthawi imene thupi lamasuka kapena kuuma. Kopelo mupite nalo ku Zomba Central tsiku lawo la kiliniki, chifukwa ndi limene lingathandize dokotala kuona ngati pakufunika kusintha nthawi kapena mulingo. Muzikatenga mapiritsi ena akale asanathe. Kusiya levodopa mwadzidzidzi kungabweretse kutentha thupi ndi kuuma koopsa kofunika kugonekedwa m'chipatala.