Za majeti amene ankagwa nkhondo itatha

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji majeti a asilikali ankangogwa chigwereni nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, pomwe panalibenso wowathira zipolopolo. Nditenge ndege ya ku Britain ya Gloster Meteor, poti ndi imene inapulula anthu zedi.

Gulu la asilikali a m'mlengalenga la Britain, la RAF, linataya ma Meteor pafupifupi 890, ndipo 145 mwa amenewa anagwa m'chaka cha 1953 chokha. Oyendetsa oposa 400 anatsikira kulichete. Anyamatawo mpaka anaipatsa dzina loti Meatbox, kutanthauza bokosi la nyama.

Gwero la zambiri linali mainjini. Anali awiri, wina phiko ili wina phiko ilo, motalikirana. Amene munayendetsapo ngolo mukudziwa zimene zimachitika ng'ombe imodzi ikagona pansi inzake ikukokabe. Injini imodzi ikazima, woyendetsa ankaponda chowongolera cha kumchira ndi mphamvu zake zonse mpaka mwendo kunjenjemera, ndipo liwiro likachepa potera ndege inkangopidiguka. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti pophunzitsa ankazimitsa dala injini imodzi kuti ophunzira azolowere, ndiye ambiri anafera pa maphunziro omwewo, injini ili bwinobwino.

Kuwonjezera apo, injini za nthawiyo zinkachedwa kumva. Munthu wozolowera ndege ya pulopela akawonjezera moto mphamvu inkabwera pompopompo, koma pa jeti ankadikira masekondi angapo uku nthaka ikuyandikira. Mafuta nawo ankatha msangamsanga, moti kukachita chifunga n'kuphonya bwalo, basi kwatha.

Mpando wotumphutsa woyendetsa kunja unalipo ndithu. Kampani ya Martin-Baker inauyesa ndi munthu mu 1946, Bernard Lynch atadziponya kuchokera mu Meteor yomweyo. Koma Meteor T.7, imene ankaphunzitsira anthu, inalibe mpandowo. Tangoganizani.

Ngozi ya pa chionetsero cha ndege cha ku Farnborough ku England ndi nkhani ina, chifukwa kumeneko linalephera ndi phiko. Pa 6 September 1952 ndege yoyeserera ya de Havilland DH.110 inaphwasuka m'mwamba pa chionetsero, injini imodzi n'kukagwera pa khamu la anthu amene anali paphiri. Anafa woyendetsa ndegeyo John Derry ndi mnzake Anthony Richards, pamodzi ndi oonerera 29. Chionetsero sichinaime. Patangopita nthawi pang'ono woyendetsa wina, Neville Duke, anakwera jeti ya Hawker Hunter n'kuuluka pamwamba pa anthu omwewo.