Za manambala awiri osiyana a prostate ya bambo anu

Achemwali, ndauwerenga uthenga wanu. Mwati bambo anajambulidwa kuno ku Ntcheu n'kuuzidwa kuti prostate yawo (chiwalo cha abambo chomwe chili pansi pa chikhodzodzo) ndi mamililita 42, patangopita milungu itatu a ku Lilongwe akuti 52, ndiye mukuopa kuti mwina ikukula mothamanga kapena wina sanayeze bwino. Mtima m'malo kaye. Ine ntchito yanga ndi yojambula odwala, ndipo zoterezi timakumana nazo kawirikawiri.

Nambala ija sichokera m'makina yokha ayi. Pamakhala munthu amene amayang'anitsitsa chithunzi chotuwa chija n'kuloza pamene iye akuona kuti mpamalire. Pa sikani wamba timayeza mbali zitatu, mulitali, mulifupi ndi kuchindikala, kenako timachulukitsa zitatuzo ndi 0.52. Tayesani pafoni yanu: masentimita 4.5, 4.0 ndi 4.5 akupatsani 42. Mnzanga akangowonjezera mamilimita 3 mbali iliyonse, nambala ifika pafupifupi 52. Mamilimita 3 sakwana n'kukula kwa njere ya chimanga komwe, koma onani kusiyana kwake.

Ngakhale pa MRI, makina ena ojambula m'kati mwa thupi zithunzi zambiri zotsatizana, nkhani ndi yomweyi. Tengani kachewere wamng'ono wa ku Tsangano, mum'dule tizidutswa topyapyala, kenako muzungulize cholembera m'mphepete mwa kachidutswa kalikonse. Ndi mmene dokotala amachitira pa kompyuta, chithunzi chimodzi chimodzi. Pakati pa chiwalochi malire amaoneka bwino, akatswiri amagwirizana. Vuto lili kumapeto kuwiri: kumtunda komwe yagundana ndi chikhodzodzo, ndi kunsi komwe yasongoka n'kulowerera m'minofu. Kumeneko wina amati yathera apa, mnzake amati ayi, ilipobe pa chithunzi chotsatira. Munthu yemweyo mukam'patsanso chithunzi chomwecho patapita sabata, mzere wake sudutsa ndendende pomwe unadutsa poyamba. Ine zinandichitikira, ndipo kuyambira pamenepo ndimabwereza muyeso ndisanalembe.

Komabe musaitaye nkhaniyi, chifukwa nambala ija ili ndi ntchito. Madokotala amagawa zotsatira za magazi za PSA (chinthu chomwe prostate imatulutsa) ndi kukula kwa prostate, ndipo ambiri amayamba kuganizira za khansa zikapitirira 0.15. Tinene kuti PSA ya bambo ndi 7. Kugawa ndi 42 mupeza 0.17, kugawa ndi 52 mupeza 0.13. Munthu mmodzi, magazi amodzi, koma apa waoloka mzere, apa sanaoloke. N'chifukwa chake zimandiwawa ndikaona banja likulira kapena kusangalala ndi pepala limodzi lokha.

Malangizo anga ndi awa. Tengani mapepala onse awiri, ndi zithunzi ngati anakupatsani, mukaonetse dokotala mmodzi woona za njira ya mkodzo ku Kamuzu Central. Mufunse kuti miyeso itatu ija inali yotani, komanso ngati anajambula njira imodzi, poti sikani yodzera pamimba ndi yodzera kumbuyo sizipereka nambala yofanana nthawi zonse. Ulendo wina akajambulidwe pamalo amodzimodzi, ndipo ngati ndi yapamimba chikhodzodzo chikhale ndi mkodzo. Mukanenenso ngati akumwa finasteride, mankhwala ochepetsa kukula kwa prostate, chifukwa patapita miyezi 6 kapena kuposerapo amatsitsa PSA pafupifupi ndi theka. Kukula kokha sikutanthauza khansa, abambo ambiri imakula akamakalamba. Chotsimikizira khansa n'kutenga kanyama kukapima.

Chomwe ndikufuna mumvetsere kwambiri ndi mmene bambowo akukodzera. Akuluakulu sakamba msanga zoterezi kwa mwana wamkazi, ndiye tumani achimwene anu kapena amalume akacheze nawo pambali: amadzuka kangati usiku, mkodzo ukutuluka mwamphamvu kapena ukungodontha? Akalephereratu kukodza, akaona magazi mumkodzo, kapena akatentha thupi uku akumva kuwawa pokodza, musadikire tsiku limene munapatsidwa. Pitani nawo kuchipatala cha boma tsiku lomwelo, ngakhale usiku.